Nkhokwe ya ku Nkhwiza ndi Atsogoleri Ake Atatu

Kalekale, koma osati kale lija la mauta ndi mikondo, kale la dzana malole atayamba kale kuyenda m'misewu yafumbi, m'chigwa cha Nkhwiza munali mayi wina dzina lake Esinala Chitekwe. Mayiyu anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo atapuma anabwerera kwawo n'kumalima ngati wina aliyense. Anali wamfupi, wa mawu ochepa. Anthu ankati Esinala akati ayi, ngakhale mutabwera ndi kwaya yonse ya kutchalitchi kudzamuimbira, ayiyo sasuntha.

Chomwe chinkamudya mtima chinali chimodzi. Chaka chilichonse chokolola zochepa, anthu a ku Nkhwiza ankadya zonse mpaka mbewu yomwe. Mvula yoyamba ikagwa, mizere inkangokhala yokhayokha. Ena ankathamangira ganyu m'minda ya eni kuti apezeko kambewu, n'kudzadzala anzawo akupalira. Ena ankagula mbewu zachilendo zosapirira dzuwa la m'chigwamo. Motero njala ya chaka chimodzi inkabala njala ya chaka china.

Esinala anayenda m'midzi, nalankhula ndi anthu pamsika, pamaliro ndi padimba, mpaka anagwirizana zoyambitsa kampani. Sinali kampani yoti wina alemererepo ayi. Inali ya mtundu uja umene lamulo limalola kuti ulembetsedwe pofuna kutumikira anthu: ilibe mwini wake wodya phindu, katundu wake anthu sagawana, ndipo siloledwa kuchita china kupatula cholinga chimene inalembetsa kuboma. Atsogoleri akapatuka pa cholingacho, boma likhoza kuitseka n'kupereka katundu wake ku bungwe lina. Anthu a ku Nkhwiza anasankha cholinga chachifupi, choti ngakhale wosadziwa kuwerenga achisunge pamtima: kusunga mbewu ndi kuzipereka kwa alimi a m'chigwa cha Nkhwiza kuti adzale. Dzina lolembetsa linali lalitali, lopinda lilime, choncho anthu ankangoti Nkhokwe.

Anaumba njerwa, naziotcha, namanga nyumba yaikulu pafupi ndi msika. M'menemo munali chimanga chamakolo cha maso olimba, mapira, mawere, khobwe, nzama, nandolo ndi mtedza. Ankazisunga ndi phulusa, osati mankhwala. Mlimi ankatenga mbewu nthawi yodzala, ndipo akakolola ankabweretsa ngala zake zabwino koposa. Zinthu zinayenda, mpaka akufuna kwabwino ena anawapatsa lole yonyamulira mbewu kupita kumidzi ya kuphiri.

Atsogoleri a Nkhokwe anali atatu, ndipo mawu awo anali ofanana mphamvu. Woyamba anali Esinala. Wachiwiri anali Fanuwelo Mandolo, dalaivala wa loleyo, chimunthu cha thupi chimene kuseka kwake kunkamveka tsidya lina la mtsinje. Wachitatu anali Bisiweki Kalumbu, yemwe kale anali kalaliki wa kukhoti, munthu wofatsa, wosavula jekete ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Makiyi a chitseko anali awiri: wina kwa Esinala, wina kwa Fanuwelo.

Ndiye kunabwera chaka chimene akuluakulu amachitchulabe motsitsa mawu. Mvula inayamba bwino, koma inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Minda inapsa ili chiimire. Pofika nthawi yopanga mizere, anthu anali atamaliza gaga, akuphika mango aawisi ndi mizu ya nthochi. Agalu analeka kuuwa. Ana analeka kusewera, n'kumangokhala pamthunzi akuyang'ana pansi. Koma pakati pa chigwa chonsecho panali nyumba imodzi yodzaza matumba mpaka kudenga, ndipo aliyense ankaidziwa.

Atsogoleri atatu aja anakumana pakhonde pa Nkhokwe. Fanuwelo sanazungulire. Anati chitseko chitsegulidwe, chifukwa mbewu ilibe ntchito ngati woidzala ali m'manda. Esinala anakana. Anawakumbutsa kuti kampaniyo inabadwa chifukwa cha chizolowezi chomwecho chodya mbewu, ndipo cholinga chimene analumbirira chimati kudzala, sichinena kudya. Akatsegula lero, anthu akhuta masabata ochepa, kenako mvula idzagwa pa mizere yopanda kanthu, boma lidzatseka kampani, ndipo njala idzamanga nyumba m'chigwamo. Bisiweki anamvetsera onse awiri, kenako anati aliyense akunena zoona. Anafotokoza kuti kuli mabungwe amene ali ndi chakudya, koma anamuuza kuti malamulo awo sawalola kuchipereka ku kampani imene cholinga chake sichitchula zodyetsa anthu. Njira inalipo: kusonkhanitsa mamembala, kuwonjezera mawu pa cholingacho, n'kukalembetsa kusinthako mumzinda.

Fanuwelo anamuyang'ana nati, "A Kalumbu, mwana wanjala mungamuuze kuti adikire sitampa ya boma?"

Bisiweki anayankha kuti sangamuuze, koma apitabe. Anabalalika osagwirizana, ndipo aliyense anatsata mtima wake.

Esinala anatenga njerwa imodzi, naiika pakhomo pa Nkhokwe, nakhalapo. Anthu ankabwera m'magulu. Ena ankapempha mwaulemu, ena ankalira, ena ankatukwana. Panabweranso wamalonda wina wochokera kutali, wa mimba yake yosadziwa chilala, amene anati atenge mbewu yonse n'kusiya ufa wochuluka kuposa pamenepo. Esinala anamubweza, poti ufa sumera, ndipo mbewu zamakolo zija zikachoka m'chigwamo sizikanapezekanso pamsika uliwonse. Nkhani itamveka kuti wakana ufa, anthu anapsa mtima koopsa. Anayamba kumutcha mfiti. Ena ankati akusungira mbewuyo kuti adzaigulitse yekha. Amayi amene ankaimba nawo kwaya ankatembenuza nkhope akakumana naye panjira ya kuchitsime.

Zonsezo anazipirira. Chimene chinamufika pamtima chinali kubwera kwa mng'ono wake Dailesi, atabereka mwana wake wamkazi, Sitelia, amene anali wamkulu ndithu woti n'kuyenda yekha. Dailesi anamasula chitenje, namukhazika mwanayo pamiyendo ya Esinala.

"Achemwali, taonani mwana wanu."

Esinala anadina chala pa phazi la mwanayo. Chala chitachoka, dzenje linatsala. Ankamva fungo la mapira likutuluka pansi pa chitseko kumbuyo kwake. Kiyi anali pachingwe m'khosi mwake, ndipo ankamumva akumuotcha pachifuwa.

"Pita kwanga," anatero pomaliza. "Ukatenge ufa wonse wotsala m'ndowa, ndi nkhuku ija. Za kwanga n'zako. Za muno si zanga."

Dailesi ananyamula mwana wake, nachoka. Ufawo anakatengadi, koma kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa mkulu wake.

Tsiku lina kunabwera amuna ndi zitsulo zothyolera loko. Esinala, yemwe panthawiyi anali ataonda mpaka chilundu chikuzungulira kawiri, sanaimirire n'komwe. Anawatchula mayina mmodzimmodzi, ndi mayina a makolo awo, nawakumbutsa mtundu wa mbewu imene aliyense anabweretsa. Kenako anati amene akufuna kuthyola ayambe wamunyamula iye n'kumutaya kumbali, koma adziwe kuti akudya munda wake wa chaka chamawa. Amunawo anayang'anizana. Palibe amene anafuna kukhala woyamba kugwira mayi wa msinkhu wa amayi ake. Anabwerera akung'ung'udza, ndipo chitseko chinakhala chotseka.

Fanuwelo iye analibe mtima wokhala pansi. Ankayenda ndi lole m'midzi ya kuphiri, ndipo zimene ankaziona kumeneko zinamuthera kuseka konse. Tsiku lina Esinala anachoka pakhomo paja kupita kumaliro a nkhalamba ina yoyandikana naye, imene inamwalira ndi njala yomweyo. Fanuwelo anabwera dzuwa lili paliwombo, anthu onse a pamsika akuona, natsegula ndi kiyi wake. Khamu linathamangirako, koma iye anaima pakhomo ndi thupi lake lonse, nati palibe wolowa. Anasenza yekha matumba a mapira, khobwe ndi nzama, gawo ndithu looneka ndi maso, koma chimanga ndi mtedza sanakhudze. Anatsekanso, napita nazo kuchigayo.

Anadula migolo pakati, naiika pamafuwa kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Anaitana amayi kuti aziphika phala, ndipo anaika lamulo lake: ana, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi okalamba okha. Mwamuna wamphamvu zake akayandikira ndi mbale, Fanuwelo ankamuthamangitsa, ndipo iye mwini sanalawe ngakhale chipande chimodzi.

Sanadikire kuti Esinala amve kwa ena. Anakamuchingamira panjira akuchokera kumanda, navula chipewa.

"Mayi Chitekwe, ndatsegula ndine. Musafunse wina. Ngati n'kundende ndipita, koma akulu anati sunga khosi mkanda uoneke."

Esinala anapsa mtima. Anamuuza kuti waba chinthu cha anthu onse, ngakhale waba masana, ndipo wapereka mpeni kwa aliyense wofuna kupha kampaniyo. Anatambasula dzanja, ndipo Fanuwelo anaikamo kiyi wake mosakangana. Kuchokera pamenepo ankadutsana osapatsana moni.

Koma m'mawa mwake, miyendo inamutengera Esinala kanjira kodutsa kuseri kwa sukulu. Anaima pa mpanda wa nkhadze, nasuzumira. Pamzere wa ana anaona Sitelia atakhala pansi, akukombeza kapu ndi chala. Atamaliza anayang'ana mnzake n'kumwetulira. Esinala anagwira pakamwa. Phala limenelo linali mapira ofiira amene iye anawasankha ngala imodziimodzi, mbewu imene sidzameranso. Anamva chimwemwe ndi mkwiyo zikukankhana m'chifuwa chimodzi, ndipo sanadziwe choti achite nazo. Anabwerera kukakhala panjerwa yake.

Nanga Bisiweki? Iye anali atayamba kale kupalasa njinga mudzi ndi mudzi, jekete ili pathupi, kuitana mamembala kumsonkhano. Lamulo linkafuna kuti kusintha cholinga kuchitike pamsonkhano wa anthu okwanira, atakweza manja poyera. Anthu ankamuseka mowawidwa, n'kumufunsa ngati msonkhano umadyedwa ndi ndiwo yanji. Anaitana koyamba, kunabwera anthu osadzaza benchi. Anaitananso, kunabwera ochepa kuposa pamenepo, poti wanjala sayenda mtunda kukamvera mawu. Koma phala litayamba, amayi ndi agogo ankasonkhana okha kusukulu tsiku ndi tsiku, ndipo amuna ankabwera kudzaperekeza ana. Bisiweki anaona kuti msonkhano wake wabwera wokha. Anaima pambali pa migolo, nafotokoza mofatsa kuti pa cholinga chakale sachotsapo liwu ngakhale limodzi, koma awonjezerapo kuti kampaniyo izithandizanso alimiwo ndi mabanja awo ndi chakudya m'nthawi ya njala. Manja anakwera, ena atagwira makapu.

Anagulitsa njinga ija kuti apeze ya ulendo, nakwera pamwamba pa lole ya makala mpaka mumzinda. Ku ofesi yolembetsa makampani anapeza kuti mawu oipa amutsogolera. Wamalonda amene Esinala anamubweza uja anali atakanena kale kuti atsogoleri a Nkhokwe akumwaza katundu wa kampani pa zinthu zimene sanalembetse, ndipo ofesiyo inali ikuganiza zoitseka. Munthu wina akanagwa mphwayi. Koma Bisiweki anakulira m'makhonde a khoti, ndipo ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akamutumiza chitseko china ankapita. Akamuuza kuti abwere mawa, mawalo ankamupeza ali kale pabenchi, m'mimba muli madzi okha. Sanabise kanthu. Ananena kuti inde mbewu ina yaphikidwa, ndipo inaphikidwa cholinga chisanasinthe. Anangopempha chinthu chimodzi: asaweruze ali pampando mumzinda, atumize munthu akaone ndi maso. Anawatopetsa ndi ulemu wake mpaka anavomera.

Choncho tsiku lina masana, galimoto ya boma inaima pamsika wa Nkhwiza. Munatsika Bisiweki, ataonda ngati bango, ndi mayi wina wa magalasi wochokera ku ofesi ija, amene anatumidwa kudzafufuza. Anthu anasonkhana mwakachetechete. Panthawiyi phala linali litayamba kupyapyala, migolo ikuoneka pansi, ndipo amuna a zitsulo aja anali atayambanso kunong'onezana.

Mayi wa boma uja anapempha kuti atsegule. Esinala anadzuka panjerwa yake, natsegula. Fungo la mbewu youma linawalandira. Mayiyo anayenda pakati pa matumba, akulowetsa dzanja apa ndi apo, ndipo ponseponse ankatulutsa mbewu yolimba, yopanda anankafumbwe. Anaona malo opanda kanthu pomwe panali mapira aja. Anaonanso kuti mbali yaikulu ya nyumbayo idakali yodzaza, pakati pa chigwa chimene anthu ankadya mizu. Anamuyang'ana Esinala kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

Anapita kusukulu, naona ana. Anafunsa Fanuwelo ngati ankadziwa kuti akuchita zosemphana ndi cholinga cha kampani, ndipo iye anati ankadziwa. Kenako mayiyo anatembenukira kwa Esinala, namufunsa ngati iye monga mtsogoleri mnzake akufuna kuti munthuyu aimbidwe mlandu. Khamu lonse linayang'ana Esinala. Aliyense ankadziwa kuti awiriwa sapatsana moni.

Esinala anayang'ana Fanuwelo, nayang'ana mzere wa ana. "Anaphwanya cholinga, ndipo ndidzanena choncho mpaka kufa," anatero. "Koma ana mwawaonawa, pakanapanda bambo awa, bwenzi mukuwerenga mitumbira. Ine mlandu sindikuufuna."

Mayi wa boma anakhala pa desiki ya ana asukulu, nalankhula poyera kuti onse amve. Anati akanapeza nyumba ija yopanda kanthu, akanaitseka kampaniyo tsiku lomwelo, poti kampani yosunga mbewu imene ilibe mbewu yataya chifukwa chokhalira moyo. Anati akanapanda kupeza kuti mamembala anakumana mwalamulo n'kuwonjezera cholinga, manja ake akanakhala omangika, ngakhale mtima ukanafuna. Ndipo anati zimene Fanuwelo anachita lamulo silingaziyamikire, koma iye sanabwere kudzatseka chitseko chimene chasunga ana amoyo. Anamuchenjeza Fanuwelo mwamphamvu, nafunsa anthuwo ngati adzabweza mbewu yophikidwayo akadzakolola. Chigwa chonse chinayankha ndi mawu amodzi. Pamenepo analengeza kuti cholinga chatsopano chalandiridwa, ndipo Nkhokwe ikhalebe.

Bisiweki sanadikire nthungululu kuti zithe. Anakwera galimoto yomweyo kubwerera mumzinda, kukagogoda ku mabungwe aja ali ndi chilolezo m'manja. Tsiku limene amayi anapala mgolo womaliza, fumbi linaoneka kumsewu wa kumtunda. Anali malole, otsatizana ngati ng'ombe zopita kudibi, odzaza chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira, ndipo kutsogolo kwa lole yoyamba kunali jekete imene aliyense ankaidziwa. Anthu amene dzulo lake sankatha kukweza mutu anathamanga kukawachingamira. Amayi anayala zitenje mumsewu. Amuna ananyamula Bisiweki m'mwamba, iye akuchonderera kuti amutsitse mwaulemu. Fanuwelo anaseka kuseka kwake kuja koyamba chiyambire chilala, ndipo akuti anamveka mpaka kuphiri. Esinala sanavine. Anakhala panjerwa yake akulira poyera, osabisa nkhope.

Anthu anadya, mphamvu zinabwerera, makasu anatuluka. Ndiyeno kumwamba kunachita mdima, mphepo inanunkhira dothi, ndipo mvula inagwa yeniyeni, yosaseweretsa. M'zigwa zoyandikana nazo anthu anaima m'minda yawo manja ali m'khosi, poti mbewu anali atadya kalekale. Koma ku Nkhwiza Esinala anatsegula chitseko cha Nkhokwe. Mzere unayambira pakhomo mpaka kupitirira msika. Aliyense analandira, ngakhale amene anamutcha mfiti, ngakhale amuna a zitsulo aja, omwe analandira maso ali pansi. Fanuwelo ananyamula matumba a kumidzi ya kuphiri, ndipo asananyamuke Esinala anamupatsa moni, namubwezera kiyi wake.

Dailesi anafika chakumapeto, Sitelia akuyenda yekha pambali pake. Anatambasula chitenje, ndipo mkulu wake anathiramo chimanga ndi mtedza. Dailesi anati, "Achemwali, ndinakudani." Esinala anayankha kuti akudziwa, ndipo akanakhala iye akanachitanso chimodzimodzi. Anamuuza kuti afulumire, dothi lisanaume.

Chaka chimenecho chigwa cha Nkhwiza chinabiriwira ngati sichinaonepo dzuwa. Chimanga chinabereka ziwiriziwiri, mtedza unang'amba mizere, maungu anayanga mpaka m'njira. Pokolola, anthu anabweretsa ku Nkhokwe kuposa zimene anatenga, ndipo mapira ofiira, omwe anatsala ochepa, anawachulukitsa mosamala mpaka malo aja anadzazanso. Anthu a m'zigwa zina ankabwera kudzafunsa kuti kampani yotere imayambika bwanji. Ana amene anali pamzere wa phala anabwerera m'makalasi momwe munali migolo, ndipo aphunzitsi poitana mayina, onse anayankha.

Pa msonkhano waukulu wa chaka, atatha magule ndi kudya, mkulu wina anaimirira nati chisangalalo chisawaiwalitse chimene chinatsala pang'ono kuwapha. Atsogoleri atatu a mawu ofanana anakoka chingwe mbali zitatu. Ulendo uno Mulungu anawachitira chifundo, zokokazo zinakumana, koma chakudza sichiimba ng'oma. Anapempha kuti pakhale wapampando mmodzi, amene atatuwo akasemphana, mawu ake akhale otsiriza. Onse anavomera. Bisiweki anati lamulo likulola. Vuto linatsala limodzi: ndani?

Alimi a kumunsi kwa mtsinje anati Esinala. Kampaniyo inakhazikitsidwa kuti isunge mbewu, ndipo iye yekha ndi amene anasunga mbewuyo, pamene chigwa chonse, ngakhale magazi ake enieni, chinkamukankha kuti atsegule. Popanda iye, chakudya cha malole chikanatha n'kuwasiya opemphetsa chaka china, ndipo mayi wa boma uja akanapeza nyumba yopanda kanthu. Anati mtsogoleri amene amasiya cholinga zinthu zikavuta ali ngati mlonda amene amalondera masana okha. Koma ena anafunsa kuti, kodi akanakhala ndi mawu otsiriza chaka chathachi, Sitelia bwenzi ali kuti lero?

Amayi ambiri anati Fanuwelo. Cholinga chimati mbewu iperekedwe kwa alimi, ndipo alimi ndi anthu, si mizere. Iye anaona chimene mawuwo anabadwira, nalolera kundende chifukwa cha ana a eni, osadyako ngakhale pang'ono. Popanda migolo yake, malole akanapeza manda atsopano, ndipo ngakhale msonkhano wa Bisiweki sukanachitika, poti anthu anasonkhanira phala. Koma ena anafunsa kuti, munthu amene amatsegula mtima wake ukamuuza, osamvera anzake kapena lamulo, mukamupatsa mawu otsiriza adzamuletsa ndani tsiku limene mtimawo udzalakwitse?

Achinyamata ndi aphunzitsi anati Bisiweki. Iye sanaphwanye lamulo ndipo sanasiye anthu kuti afe. Anapeza njira pamene anzake ankaona khoma, nakulitsa cholinga mwadongosolo kuti mawa mtsogoleri asadzasankhenso pakati pa mwana ndi mbewu. Popanda iye, phala likanatha, amuna a zitsulo akanabweranso osabwerera, ndipo kampani ikanatsekedwa ndi chidindo cha boma. Koma ena anafunsa kuti, masiku onse amene iye anali pabenchi mumzinda, ndani ankasunga chitseko, ndipo ndani ankasunga ana? Njira yake inafika bwino chifukwa awiri aja anamugulira nthawi, wina ndi mbiri yake, wina ndi ufulu wake.

Atafunsidwa okha, Fanuwelo anaseka nati iye ndi wa chiwongolero basi. Bisiweki anati si bwino munthu kukhala woweruza pa mlandu wake. Maso onse anatembenukira kwa Esinala, mayi amene sanasowepo yankho. Iye anayang'ana Sitelia, yemwe ankathamangitsana ndi anzake kuseri kwa mabenchi, chinangwa chili m'manja. Mwana ameneyo anali moyo chifukwa cha munthu amene anamulakwira Esinala. Anali wokhuta lero chifukwa cha chitseko chimene iye anakana kutsegula. Ndipo pakati pa ziwirizo anawolokera pa mlatho umene wachitatu anamanga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Esinala analibe inde kapena ayi.

Dzuwa linapendeka anthu akutsutsanabe, mwamtendere, mimba zili zokhuta, ndipo ine ndinachoka asanakweze manja.

Tsono nkhaniyi ndaitula kwa inu amene mwakhala pano. Wina anagwira mawu a cholinga osawataya. Wina anawaphwanya kuti apulumutse anthu amene mawuwo ankatumikira. Wina anayenda ulendo wautali kukawasintha mwalamulo. Chotsanipo mmodzi, chigwa cha Nkhwiza chagwa. Koma mpando ndi umodzi, ndipo chilala chidzabweranso. Inuyo mukanakhala pamsonkhano umenewo, dzanja lanu mukanakwezera yani: Esinala, Fanuwelo, kapena Bisiweki?